Chenjezo kwa Eni Makompyuta ku Utale: Antivayirasi Yotha Nthawi Sikukutetezani

Nonse amene muli ndi kompyuta m'nyumba ku Utale 1, ku Utale 2, ku Nkaya, ku Phalula, pa Balaka penipeni, mpaka ku Liwonde ndi madera ena a Machinga, iyatseni lero lomwe muone tsiku limene antivayirasi yanu idalandira apudeti komaliza. Dzina lake musalilabadire, ndipo kachizindikiro kamene kamaoneka pakona pa sikirini kasakunyengeni. Funani tsikulo. Likakhala la chaka chatha, kapena la miyezi ingapo kumbuyoku, dziwani kuti makina anu ali pambalambanda, ngakhale pali dzina lalikulu ngati Kaspersky, McAfee kapena Norton.

Ambiri tidazolowera kuganiza kuti antivayirasi amaika kamodzi basi. Munthu amagula laputopu, amapita nayo kwa mnyamata wodziwa makompyuta, amalipira, n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo: "Andiikira yamphamvu." Papita zaka ziwiri, zitatu, akukhulupirirabe mawu omwewo. Koma woweta nkhuku aliyense amadziwa kuti katemera wa chitopa, uja wodontheza m'diso, saperekedwa kamodzi n'kuiwala. Amabwereza pakapita miyezi itatu kapena inayi, ndipo botolo limene lapyola tsiku lake ndi madzi chabe. Antivayirasi nayo n'chimodzimodzi, kungoti nthawi yake ndi yothina kwambiri. Bungwe la AV-TEST la mumzinda wa Magdeburg ku Germany, limene ntchito yake ndi kuyesa mapulogalamu a chitetezo, limati tsiku lililonse limalandira mapulogalamu oipa atsopano oposa 450,000. Antivayirasi imazindikira mdani makamaka pomuyerekeza ndi mndandanda wa zizindikiro umene kampani yake imatumiza kudzera pa intaneti, kangapo patsiku. Mndandandawo ukasiya kubwera, pulogalamuyo imangodziwa mavayirasi a dzana. A lero amadutsa, iyo osawadziwa.

Chatifulumizitsa kulemba n'chakuti Windows yeniyeniyo nayo yakalambira m'manja mwathu. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kutumiza maapudeti a chitetezo a Windows 10, kupatula kwa amene adalembetsa ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi, imene kwa anthu wamba idalengezedwa kuti ifika pa 13 Okutobala 2026. Windows 7 idasiyidwa kale pa 14 Januwale 2020, Windows 8.1 pa 10 Januwale 2023. Chibowo chilichonse chatsopano chimene akuba angapeze m'menemo, palibenso wochitseka. Tsono makompyuta athu kuno si atsopano. Ndi aja ogwiritsidwa kale ntchito amene timagula ku Limbe ndi ku Lilongwe, kapena amene ana athu amatumiza kuchokera ku Joni, ndipo ochuluka mwa iwo Windows 11 imawakana chifukwa imafuna purosesa ya zaka zaposachedwa ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0.

Wina anena kuti, kwathu kuno makompyuta ndi owerengeka, intaneti ndi yovuta, vayirasi ibwera bwanji? Kuchepa kwa makompyutako ndiko kumatiika pachiswe. Laputopu imodzi ya aphunzitsi imatumikira sukulu, mpingo, kalabu ya alimi a thonje, gulu la banki mkhonde, ndi ana a m'nyumbamo amene amaonerapo mafilimu madzulo. Aliyense amabwera ndi fulashi yake kapena memore khadi ya mufoni. Fulashi yomweyo dzulo idali kobenetsa nyimbo pamsika, dzana idali pashopu yopulinta ndi kufotokopa ku Balaka, kumene kompyuta imodzi imalandira mafulashi a anthu kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Kuno vayirasi siilira netiweki. Imachoka ku Utale kupita ku Nkaya ili m'thumba la malaya, pa kabaza.

Ambiri mudaionapo. Mumalowetsa fulashi, mafoda anu onse asanduka tizizindikiro tokhala ndi kamuvi pakona, ija vayirasi ya shotikati. Mafayilo enieni sidawafufute. Idangowabisa, n'kuika zabodza m'malo mwake. Mukadina, foda imatsegukadi, koma nthawi yomweyo vayirasi yalowa m'kompyuta, ndipo fulashi iliyonse imene idzalowe pambuyo pake idzatuluka nayo. Kale tinkaiona ngati chosowetsa mtendere chabe. Masiku ano njira yomweyi akuba akuigwiritsa ntchito mwadala. M'chaka cha 2022 akatswiri a kampani ya Red Canary adaulula vayirasi yotchedwa Raspberry Robin, imene imafala ndi mashotikati a pa fulashi, ndipo Microsoft idapeza kuti ikalowa imatsegulira njira magulu ena amene amatseka mafayilo a anthu n'kumafuna dipo.

Taganizani zimene zili m'makina anuwo. Mayeso a teremu amene simunawapulinte, masikimu, malikisi a ana. Maasayimenti a inu amene mukuphunzira muli kunyumba. Kaundula wa ndalama za gulu. Zithunzi za ukwati, ndi za makolo amene adatisiya. Chiphaso cha unzika chimene mudachijambula, satifiketi ya MSCE, makalata ofunsira ntchito. Ndiponso mapasiwedi a imelo, a Facebook ndi a kubanki amene mudalola Chrome kukusungirani. Mapasiwediwa ndiwo akuba a lero amawafuna koposa, ndipo vayirasi yowaba siichedwetsa kompyuta, siionetsa chizindikiro chilichonse. Imasonkhanitsa mwakachetechete, n'kutumiza tsiku limene mwalumikiza foni kuti muone imelo.

Pali nkhani yowawa imene tiyenera kuinena poyera. Makompyuta ambiri amaonongeka tsiku lomwe apita kukakonzedwa. Pofuna kuti Windows kapena Microsoft Office igwire ntchito popanda kugula layisensi, wokonza amaika kapulogalamu kokiraka. Kotchuka kwambiri ndi kaja ka KMSPico. Koma Defender, antivayirasi imene imabwera kale mu Windows, imakakana kapulogalamuko n'kukafufuta. Ndiye wokonzayo amayamba wazimitsa Defender, kapena kuiuza kuti m'foda yakutiyakuti isamayang'anemo. Ena amatsekeratu maapudeti a Windows kuti zokirakazo zisadziwike. Pomaliza amaikapo antivayirasi ina, nayonso yokiraka, kapena yongoyesera ya masiku 30, n'kukupatsani makina anu. Mwalipira ndalama zanu, koma chitetezo chimene mudapita nacho chatsala komweko.

Zokirakazo sizibwera zokha. Amene amaziika pa intaneti kuti anthu azitenga ulere si achifundo ayi. Kumapeto kwa 2021 Red Canary yomweyo idapeza kuti ma KMSPico ena amabwera atabereka vayirasi yotchedwa CryptBot, yoba mapasiwedi osungidwa m'kompyuta. Vayirasi ina, STOP kapena Djvu, imene kwa zaka yakhala ikuzunza eni makompyuta a m'nyumba m'maiko ambiri, njira yake yaikulu ndi mapulogalamu ndi magemu okiraka omwewa. Ikalowa imamanga zithunzi ndi zolemba zonse, n'kusiya kakalata kofuna madola 980, kapena 490 mukayankha pasanathe maola 72. Pamtengo wa mu Novembala 2023 wa K1,700 pa dola imodzi, madola 980 ndi ndalama zoposa K1.6 miliyoni. Ndani ku Utale angatulutse ndalama zimenezo kuti awombole mayeso a Fomu 2? Ndipo ngakhale mutalipira, palibe chokakamiza wakuba kukubwezerani kanthu.

Achimwene ndi achemwali amene mumakonza makompyuta, tikudziwa kuti simuchita izi mwa nkhanza. Kasitomala amafuna zotchipa, layisensi ndi yodula, madola sapezeka. Koma njira zina zilipo zimene sizivulaza munthu wokudalirani. Malaputopu ambiri amene adagulitsidwa ndi Windows 8 kapena 10, kiyi yake ili kale m'kati mwa makina. Mukaika mtundu woyenera wa Windows, imadzitsegula yokha ikalumikizidwa pa intaneti. Wofuna kulemba makalata ndi kuwerengera ndalama muikireni LibreOffice, imene ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi a Excel. Kumbukiraninso kuti fulashi yanu ya ntchito, ija muli mapulogalamu onse, ndiyo imalowa m'makompyuta ambiri kuposa ina iliyonse m'dera lanu. Muziiunika tsiku lililonse.

Tisadzinamize kuti akuba amafuna akuluakulu okha. Akulu amawafunadi: mu Febuluwale 2024 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowedwa ndi akuba a pa intaneti amene ankafuna dipo, ndipo tonse tikukumbukira mmene anthu adavutikira podikira mapasipoti awo. Koma mavayirasi ambiri sayang'ana nkhope. Mu Meyi 2017 WannaCry idagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150 m'masiku ochepa, mpaka zipatala za ku Britain kumabweza odwala. Microsoft idali itatulutsa kale chigamba chotseka chibowocho mu Malichi chaka chomwecho. Amene adagwidwa ndi aja sadaapudete.

Nanga tisankhe iti? Kwa munthu wamba amene ali ndi Windows 10 kapena 11, Microsoft Defender, ija ili kale m'makina, ndi yokwanira, bola ikhale yoyatsa ndipo izilandira maapudeti. Siilira khobidi, siitha nthawi. Zaka khumi zapitazo idali yofooka, ndipo amene ankainyoza sankalakwa. Koma m'zaka zaposachedwa, pa mayeso a AV-TEST, yakhala ikupeza malikisi ofanana ndi a antivayirasi zogula. Microsoft idalonjezanso kuti mndandanda wa mavayirasi wa Defender pa Windows 10 upitiriza kubwera mpaka Okutobala 2028. Izi sizitseka zibowo za Windows 10, koma n'zothandiza kwambiri.

Ili ndi chofooka chimodzi chimene chimakhudza ife kuno kuposa anzathu a m'tauni. Defender ikaona fayilo yokayikitsa, imadalira kwambiri kufunsa kulikulu lake kudzera pa intaneti. Bungwe lina loyesa, AV-Comparatives la ku Innsbruck m'dziko la Austria, limayesa antivayirasi intaneti ilipo komanso intaneti palibe, ndipo kawirikawiri lapeza kuti popanda intaneti Defender imagwira mavayirasi ochepa poyerekeza ndi zina monga Bitdefender ndi G Data. Choncho inu amene kompyuta yanu imalandira mafulashi tsiku lonse ili yosalumikizidwa, inu a shopu yopulinta, obena nyimbo, a mu ofesi ya sukulu, muli ndi chifukwa chomveka chofunira ina. Bitdefender ili ndi mtundu waulere. Koma itengeni patsamba la kampani yeniyeniyo, osati pa fulashi ya mnzanu. Ena nonse, zolowerani kuunika fulashi yachilendo foni italumikizidwa.

Smadav yafala kwambiri kuno. Ndi pulogalamu ya ku Indonesia, ndipo imathandizadi pa mavayirasi a pa fulashi ndi poonetsa mafayilo obisika. Koma eni ake omwe amanena kuti ndi chitetezo chowonjezera, chogwira ntchito pambali pa antivayirasi yaikulu. Kuzimitsa Defender n'kusiya Smadav yokha ndi kulakwitsa. Kulakwitsa kwina ndi kuunjika antivayirasi zikuluzikulu ziwiri kapena zitatu poganiza kuti chitetezo chichuluka. Zimalimbana zokhazokha, kompyuta imalemera, batire limatha msanga, ndipo mwini wake akatopa amazizimitsa zonse. Zaulere zina nazo zili ndi mtengo wobisika: mu Febuluwale 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, lidalamula kampani ya Avast kulipira madola 16.5 miliyoni chifukwa idagulitsa mbiri ya masamba amene makasitomala ake ankatsegula, pomwe idawalonjeza kuti iwateteza kwa owalondalonda.

Amene mwaganiza zogula, funsani mtengo wa chaka chachiwiri musanalipire choyamba. Makampani ambiri amatsitsa mtengo chaka choyamba, n'kusunga nambala ya khadi lanu la kubanki. Chaka chikatha amadzidulira okha ndalama pamtengo wokwera. Mchitidwe umenewu udafika poipa ku Britain, mpaka mu 2021 bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda lidachititsa McAfee ndi Norton kusintha malamulo awo kuti wodulidwa ndalama mosafuna azitha kubwezeredwa. Ife tili ndi vuto lina pamwamba pake. Mtengo uli m'madola, malipiro athu ali m'makwacha. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa, mtengo wa dola kukwera ndi 44 peresenti, kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 tsiku limodzi, ndipo aliyense wodzabwereza layisensi pambuyo pake adapeza mtengo wina. Ena khadi limangokana chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, layisensi n'kutha mwini wake osadziwa. Mukagula, tsiku lomwelo lowani mu akaunti yanu muletse zodzidulira zokhazo, ndipo tsiku lothera mulilembe pa kalendala ya pakhoma.

Tsikulo likafika, lipirani kapena ichotseni. Chimene chaononga ambiri ndi kuisiya chigonere, iyo ikukukumbutsani m'mawa uliwonse, inu n'kumangotseka uthengawo. Ngati ndalama palibe, palibe chochititsa manyazi. Ichotseni yonse kudzera mu Settings, muzimitse kompyuta n'kuiyatsanso, kenako mutsegule Windows Security mutsimikize ndi maso anu kuti Defender yadzuka. Chitaninso chimodzimodzi ndi McAfee kapena Norton yongoyesera imene imabwera ndi laputopu yogula kumene. Muli pomwepo, pa Virus & threat protection, fufuzani pamene palembedwa Exclusions. Mukapeza mafoda amene simudawaike nokha, achotseni. Office ikasiya kugwira ntchito zitatero, mwadziwa chimene chidabisidwa m'menemo.

Makiyi otchipa amene amatsatsidwa m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, ena mpaka kumati "ya moyo wonse", asiyeni. Kawirikawiri imakhala kiyi imodzi yogulitsidwa kwa anthu ochuluka, imene kampani imaitseka ikazindikira. Ena ndi a chigawo china cha dziko lapansi ndipo kuno sagwira. Pogula m'shopu, funani katoni kapena khadi losatsegula, funani risiti, ndipo kiyi ilowetsedwe inu mukuona, pa imelo yanu, osati ya wogulitsa.

Choopsa kuposa zonse pa nkhani yobwereza layisensi ndi anthu achinyengo. Mukutsegula tsamba la mpira kapena la mafilimu, mwadzidzidzi patuluka uthenga wofiira, nthawi zina ndi phokoso lomwe: McAfee yanu yatha, kompyuta yanu ili ndi mavayirasi asanu, dinani apa. Uthenga wotere suchokera ku antivayirasi. Umachokera patsambalo, kapena patsamba lina limene tsiku lina mudalilola kukutumizirani mauthenga podina Allow. Tsamba la pa intaneti silingaunike kompyuta yanu, ndipo uthenga womwewo umatulukanso pa makina amene McAfee sidalowepo n'komwe. Musadine. Musaimbe nambala imene yaonetsedwa. Microsoft imanena yokha kuti mauthenga ake enieni sakhala ndi nambala ya foni. Tsekani tsambalo, mulowe mu Settings ya Chrome pamene pali Notifications, muchotse masamba onse achilendo.

Palinso imelo yooneka ngati risiti, yonena kuti layisensi yanu yabwerezedwa, mwadulidwa madola mazana angapo, ndipo mukafuna kubwezeredwa muimbe foni. Woyankha foniyo amalankhula mwaulemu. Amakuuzani kuika AnyDesk kapena TeamViewer kuti akuthandizeni, ndipo kuyambira pamenepo akuona zonse za pa sikirini yanu, akuyendetsa makina anu ali kutali. Ndi anthu a mtundu umodzi ndi aja amatumiza uthenga woti atumiza ndalama molakwika pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Zimene mudaphunzira pafoni zigwire ntchito panonso: wokufulumizitsani kulipira ndi wakuba. Palibe kampani ya antivayirasi imene imalandira ndalama pa nambala ya munthu, ndipo palibe imene imafunsa PIN yanu.

Tikudziwa chimene chimalepheretsa ambiri: bandulo. Munthu amagula ya sabata kuti atumize asayimenti, ndipo amaopa kuti Windows imeza yonse. Mantha amenewa ndi omveka, pakuti maapudeti akuluakulu a Windows amadyadi. Koma mndandanda wa mavayirasi ndi waung'ono mukamautenga pafupipafupi. Umakula mukauleka miyezi. Vuto n'lakuti kompyuta ikalumikizidwa kudzera pafoni, nthawi zambiri Windows imaona kuti iyi ndi intaneti yowerengera, ndipo imadziletsa kutenga maapudeti payokha. Muyenera kuiuza ndinu: Windows Security, kenako Virus & threat protection, kenako Check for updates. Chitani izi kamodzi pasabata, komanso musanalowetse fulashi yochokera kunja. Maapudeti akuluakulu asungireni bandulo ya usiku, kapena tsiku limene mwapita ku Balaka kumene netiweki ili yamphamvu, kamodzi pamwezi. Sukulu kapena mpingo umene uli ndi makompyuta angapo osalumikizidwa ungatume munthu mmodzi akatenge patsamba la Microsoft fayilo imodzi ya mndandanda wonse wa Defender, n'kuiika m'makina onse ndi fulashi yoyera.

Onaninso tsiku ndi nthawi zimene kompyuta ikuonetsa pakona. Kabatire kosunga nthawi kakatha, makamaka pa makina amene batire lalikulu lidafa ndipo amazima magetsi akangothima, kompyuta imadzuka ikuganiza kuti tili m'chaka china. Tsiku likalakwika, maapudeti amakana ndipo masamba ambiri satseguka. Likonzeni, ndipo kabatireko n'kotheka kukasintha pamtengo wochepa.

Amene mudakali pa Windows 7, palibe antivayirasi imene ingakupulumutseni mokwanira. Ngakhale Chrome idasiya kuapudetedwa pa Windows 7 kumayambiriro kwa 2023. Makina amenewo musalowere nawo kubanki kapena pa imelo. Ngati ndi olembera ndi kupulintira basi, akhale osalumikizidwa. Ngati mukuwafuna pa intaneti, pemphani wokonza akuikireni Linux Mint kapena Ubuntu. N'zaulere mwalamulo, zimayenda bwino pa makina ambiri akale, zimalandira maapudeti, ndipo vayirasi ya shotikati ya pa Windows siigwira ntchito kumeneko. Zimafuna kuzolowera, ndipo funsani kaye ngati pulinta yanu igwirizana nazo. Eni Windows 10 amene makina anu akukanidwa ndi Windows 11, nanunso mukulowera komweko, ndipo ndi bwino kuyamba kuganizira pano.

Ngakhale antivayirasi yabwino koposa tsiku lina idzaphonya. Chimene chimamuthetsa mphamvu wofuna dipo ndi kukhala ndi kope lina la zinthu zanu. Gulani fulashi kapena hadi disiki yapadera imene siituluka m'nyumba, siibwerekedwa, siipita kopulinta. Koperanimo zofunika kumapeto kwa sabata, muizule, muiike m'sutikesi. Ikakhala yolumikizidwa nthawi zonse, vayirasi imaimanga pamodzi ndi kompyuta. Zolemba zing'onozing'ono zofunika kwambiri zitumizeni ku Google Drive, kumene akaunti iliyonse ili ndi malo aulere okwana 15 GB. Popita kopulinta, ngati n'kotheka tumizani fayilo ya PDF pa WhatsApp kapena pa imelo, fulashi itsale kunyumba. Zikakanika, khalani ndi fulashi imodzi yoyendayenda imene mulibe chilichonse chimene mungalire chitatayika.

Zikakugwerani, musathamangire kufomata. Mukaona mashotikati, musawadine. Mafayilo anu alipo, ndipo wodziwa angawaonetse popanda kufufuta kanthu. Mukaona mafayilo asintha maina ndipo pali kalata yofuna ndalama, dulani intaneti, zulani zonse zolumikizidwa, musalipire. Pali tsamba lotchedwa No More Ransom, limene Europol ndi apolisi a ku Netherlands adakhazikitsa mu 2016 pamodzi ndi makampani a chitetezo, ndipo limapereka mwaulere zida zomasulira mitundu ina ya mavayirasi otere. Si yonse, koma yesani. Sinthani mapasiwedi anu pafoni kapena pa kompyuta ina yoyera, kuyambira wa imelo. Ngati mudapereka nambala ya khadi, imbirani banki nthawi yomweyo. Ndipo kaneneni kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limati kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo lidakhazikitsa pansi pa MACRA gulu lothandiza pa ngozi za makompyuta, Malawi CERT. Ambiri amabisa, makamaka ngati vayirasi idabwera ndi filimu kapena gemu yakuba. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mukakhala chete, fulashi yomweyo mawa ili kwa mnansi wanu.

Aphunzitsi aakulu, a m'makomiti a sukulu, akatekisi ndi akulu a mipingo, mashehe, alembi a makalabu a alimi ndi a banki mkhonde, makompyuta amene ali m'manja mwanu amasunga maina, manambala ndi ndalama za anthu ambiri, ndipo kuyambira 2024 dziko lathu lili ndi lamulo la Data Protection loteteza zinthu zotere. Pa kompyuta iliyonse sankhani munthu mmodzi woyankha za maapudeti ndi za kope, ndipo muzimufunsa pamsonkhano monga mumafunsira msungichuma.

Ndipo inu ana athu a ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town, amene mumatumiza malaputopu kuti abale anu aphunzirirepo, ntchito yoyamba ndi yanu, pakuti intaneti muli nayo pafupi. Musanaipereke kwa woibweretsa, chotsani antivayirasi yoyesera, apudetani Windows mpaka inene kuti yatha, yatsani Defender, ikani LibreOffice, ndipo m'chikwama chake muikemo fulashi imodzi yatsopano yosungira kope. Ikafika kumudzi, imbani foni muwauze makolo kuti asalole aliyense kuzimitsa Defender, ngakhale wokonza atanena kuti ndi kwa kanthawi kochepa.